Singano Yachiwiri

Lolemba, 5 Ogasiti 2024

Andigoneka. Wodi ya amayi, chipatala cha mishoni, bedi loyandikana ndi zenera limene salitseka. Gadiyani wanga ndi achemwali anga a Lusiya. Ayala mphasa pansi pa bedi. Kope ili ndi la mwana wanga woyamba Mercy, lotsala masamba. Ndalitenga kuti ndizilembamo zimene madokotala akunena, poti ndatopa n'kuuzidwa kuti "sanatero" ine nditamva ndi makutu anga.

Ndine Tikhala wa ku Nkhudzi, zaka 37. Ndimayanika usipa pathandala n'kumagulitsa kwa oodetsa ochokera ku Limbe.

Bere lakumanzere latupa, lafiira, thupi likutentha. Chotupa chili m'katimo ndinachimva koyamba mwana wanga wamng'ono Jonathan ali wakhanda. Pano akuthamangitsa nkhuku pabwalo. Chinali ngati nzama. Lero chili ngati dzira la bakha. Kuchipatala chaching'ono cha kwathu anati ndi mkaka waundana, ndizithowa ndi nsalu yofunda. Ndinathowa. Anandipatsa makapisozi. Ndinamwa. Mu Okutobala chaka chatha ndinapita ku kiliniki ina yolipira m'tauni. Bambo wa kumeneko anapapasa ndi zala, n'kubaya ndi kasingano kowonda ngati ka jakisoni, n'kukoka timadzi. Zotsatira zitabwera anati palibe khansa.

Tsiku limenelo amuna anga a Howard anapha tambala. Kuyambira pamenepo ndikati chikukula, yankho linali limodzi: "Amake Mercy, dokotala anati palibe. Inu mwaphunzira kuposa dokotala?"

Lachiwiri, 6 Ogasiti

Kukacha akukolopa, magadiyani onse panja. Kenako kuyeza kutentha, kenako mankhwala a pakanyula, kachubu ka mumtsempha. Dzina lake anesi andiuza kuti ndi seftiriyakisoni, kamodzi pa tsiku. Magazi 8.9, akuti ndi ochepa. Mapiritsi oonjezera magazi, limodzi m'mawa.

Bedi la kumanja kuli mayi wamkulu, a Mwanabibi a ku Makanjira. Anabwera pa boti, kenako pa lole. Bere lawo linaphulika kalekale. Fungo lake limafika pakhomo, ndipo alendo a anthu ena akamadutsa amakokera chitenje kumphuno. Iwo amaona. M'mawa anandipatsa moni wa Chiyao: "Ajimwiche uli, mwanangu?" Ndinayankha kuti ndadzuka bwino. Tonse awiri tinadziwa kuti ndi bodza.

Kumanzere kuli Rachael wa ku Lungwena, mtsikana wa zaka 19. Kachotupa kake ndi kakang'ono, kamathawa chala. Amugoneka chifukwa cha malungo, koma naye akudikira sikani. Amalira kuposa tonse, foni ili m'manja.

Lachinayi, 8 Ogasiti

Adokotala a sikani amabwera Lachinayi lokha, kuchokera kumzinda. Ndi mayi, a Rahma Swadick, wamfupi, wampango wobiriwira. Makina awo amawanyamula m'chikwama ngati sutukesi.

Anandipaka mafuta ozizira n'kuyendetsa kachipangizo pabere ndi m'khwapa. Anayeza: chotupa masentimita 5.2, m'mbali mwake mosasalala. M'khwapa muli anabere awiri otupa.

Ndinawauza za singano ya chaka chatha.

"Pobayapo ankayang'ana pa makina ngati awa?" anafunsa.

"Ayi. Ndi zala basi."

Anangoti, "Mm."

Ndinati, "Adokotala, mm ameneyo ndimasulireni. Ine wa mm ndatopa naye."

Anakhala pampando n'kundifotokozera bwinobwino. Ndilembe mmene ndinamvera. Chotupa chikakula, pakati pake pamafa, pamangokhala madzi. Singano yowonda ikalowa pamenepo, kapena ikadutsa m'mbali, imabwera ndi zinthu zosanena kanthu, ndiye a ku labu amalemba zimene aona. Adokotalawa amagwiritsa ntchito singano yokulirapo, yodula timinofu, ndipo amabaya akuiona pagalasi mpaka ifike pamalo penipeni. Kumzinda kulinso makina ena opanikiza bere n'kujambula ekisire, olondolera singano pa tinthu tosaoneka pa sikani. "Koma chanuchi sichikubisala, mayi," anatero.

Sichikubisala. Chaka chonse sichinabisalepo. Amene sanafune kuyang'ana ndi anthu.

Lero sanabaye. Akuti kufiiraku kuyambe kwatsika. Lachinayi likubwerali.

Loweruka, 10 Ogasiti

A Howard anabwera ndi utaka wootcha ndi mbatata. Iwo ndi siginala: amakhala m'bwato la nyali, kuyang'ana m'madzi, n'kuuza anzawo poponya ukonde wa chilimira. Ku Nkhudzi amawatama kuti maso awo amaona usipa anzawo asanauone.

Anakhala m'mphepete mwa bedi, chipewa pabondo.

"Amake Mercy, ndamva kuti akufuna kukubayaninso."

"Eee."

"Anthu akuti singano ndi imene imachidzutsa. Onani, chinayamba kukula atakubayani ulendo uja."

"Chinali chikukula kale, bambo a Mercy. N'chifukwa chake ndinapita."

"Koma dokotala uja anati palibe. Tikufufuzanso chiyani? Mukamafunafuna matenda muwapezadi."

Ndinati bere ndi langa, Lachinayi ndibayitsa. Anaimirira, anapatsa achemwali moni wotsanzika, ine ayi.

Atatuluka a Mwanabibi anandiitana ndi dzanja. "Mwanangu, ine anandiuza za singano zaka zitatu zapitazo. Amuna anga Che Shafi anakana. Anati mkazi wawo sadulidwa. Anapita nane kwa munthu wa zitsamba, n'kunditema mphini kuzungulira bere lonse. Iwo anamwalira chaka chatha ndi shuga, n'kundisiyira bere langa lathunthu. Ndi ili ukulimva fungoli."

Utaka uja ndinawapatsa iwo. Anadya ziwiri.

Lamulungu, 11 Ogasiti

Abwera a mpingo kudzapemphera. Mmodzi anati ndisakayike, chikhulupiriro chimasungunula chotupa. Pa bedi la a Mwanabibi anadutsa mofulumira.

Lolemba, 12 Ogasiti

Kutentha kwatsika. Bere lakumanja ladzaza mkaka, likupweteka. Jonathan ali kwa apongozi. Ndafinyira m'kapu, achemwali akataya kubafa.

Lachinayi, 15 Ogasiti

Zatheka. Ndilembe zonse, dzanja lisanayambe kuwawa.

Anandigoneka chagada, pilo pansi pa phewa lakumanzere, mkono pamwamba pa mutu. Anesi anatsuka khungu ndi mankhwala abulauni n'kufunditsa nsalu yoboola pakati. Adokotala anafunsa ngati ndikufuna kuona. Ndinati eee, ndikufuna ndichione chimene chandisandutsa wabodza pakhomo panga. Anatembenuza galasi.

Poyamba sindinaone kanthu, imvi zokhazokha ngati madzi ovunduka ndi mwera. Kenako analoza. Chinthu chakuda, chamanomano m'mbali, pakati pake chakuda kwambiri. "Apa ndi pofa paja. Sitibaya apa. Tibaya m'mphepetemu, mmene muli moyo."

Jakisoni wa dzanzi anawawa ngati kulumidwa ndi mavu, kenako zii. Anacheka pang'ono, mpata wa njere ya mpunga. Anandimvetsa kaye kulira kwa chipangizocho m'mwamba kuti ndisadzidzimuke: phaa! ngati msampha wa makoswe ukafwamphuka. Kenako singano inalowa. Ndinaiona pagalasi, kamzere koyera kakuyenda pang'onopang'ono, kakuima, kakukhota pang'ono, kakufika m'mphepete mwa chakudacho.

"Musapume. Phaa. Pumani."

Anatero kanayi pabere, kamodzi m'khwapa. Ululu weniweni panalibe, kungomva kukankha ndi kukoka. Timinofu take anandionetsa m'kabotolo ka mankhwala: toyera, towonda ngati tinyongolotsi tophera nsomba. Anesi anapanikiza pabala kwa nthawi, n'kumata bandeji. Ndisanyowetse mawa lonse, ndisanyamule zolemera, panado ndikamva kuwawa.

Kabotolo kapita ku labu kumzinda. Zotsatira akuti mwina masabata atatu, mwina asanu. Adokotala anatinso ndiyambe kumuletsa Jonathan kuyamwa, poti ngati padzafunike mankhwala amphamvu, mkaka wanga sudzakhala wabwino kwa iye.

Ntchito yonse inatenga nthawi yochepa kuposa yosankha ndowa imodzi ya usipa. Ndi chimene chikundiwawa. Chinali chapafupi chonchi.

Rachael analowa pambuyo panga, anatuluka akuseka kuti sizikupweteka.

Lachisanu, 16 Ogasiti

Anditulutsa. Pabala pada ngati biringanya, akuti n'zachizolowezi. A Mwanabibi anandigwira dzanja nthawi yaitali. "Ukabwera undipeza, inshallah. Ndipita kuti ine?"

Lachitatu, 28 Ogasiti, kunyumba

Kopeli ndimati ndi la kuchipatala, koma matenda sanatsale kumeneko.

Jonathan akulira masiku onse. Amakoka bulawuzi, ndimamupatsa phala, amataya. Apongozi akuti ndine mayi wouma mtima, ndikumvera azungu. Chonsecho adokotala aja ndi a ku Mangochi konkuno.

Kuthandala azimayi anzanga amasiya nkhani ndikafika. Mmodzi anandifunsa ngati n'zoona kuti anandichotsa nyama n'kupita nayo kumzinda, ndipo akukaichita chiyani. Wina, amene takhala tikuyanika limodzi kuyambira tili atsikana, anasuntha nsomba zake kuti zisakhudzane ndi zanga.

A Howard akugona kugombe. Akuti n'chifukwa cha mwera, ayenera kuyang'anira bwato.

Lolemba, 9 Seputembala

Ndaimba foni. Zotsatira sizinabwere.

Lachinayi, 19 Seputembala

Ndaimbanso. Akuti kulabu ntchito yachuluka. Chotupa sichikudikira labu. Khungu pamwamba pake layamba kuoneka ngati khungu la lalanje. Mkono ukulemera.

Lachitatu, 25 Seputembala

Ndabwerera kuwodi. Ndinakomoka kuthandala. Magazi 6.8. Akufuna wopereka magazi; achemwali a Lusiya apereka.

Pa bedi la a Mwanabibi pali mayi wina wothyoka mwendo. Ndinafunsa anesi. Anati anamwalira kumapeto kwa Ogasiti, Lachisanu m'mawa, ndipo abale anathamanga nawo kuti akaikidwe tsiku lomwelo kwawo. Zenera la pafupi ndi bedi lawo alitseka tsopano. Palibenso chifukwa cholitsegulira.

Lachinayi, 26 Seputembala

Zotsatira zafika dzulo madzulo, za ine ndi za Rachael pamodzi.

Rachael ndiye anayamba kulowa. Anatuluka akulumpha, mayi ake akululutira m'khonde. Chake si khansa, ndi kachotupa wamba ka atsikana. Anandikumbatira n'kunena kuti, "Anti, nanunso zikhala bwino, muona." Ndi mwana wabwino. Ndinafuna kumukankha. Ndalemba kuti ndisadzanamizire kuti ndinasangalala naye.

Ine anandiuza kuti ndilowe ndi achemwali. Pamenepo ndinadziwiratu.

Khansa ya m'mawere, yoyambira m'njira za mkaka. Yafika m'khwapa. Gawo lachitatu, ngati m'mapapo ndi m'chiwindi mulibe, ajambula mawa. Dongosolo lake: kupita kuchipatala chachikulu kumzinda, kemo kaye, mankhwala amphamvu aja, kuti chifote, kenako opaleshoni yochotsa bere lonse ndi anabere a m'khwapa. Tsitsi lidzathothoka. Ndidzasanza. Pali mwayi, akuti, koma si wofanana ndi wa munthu wobwera msanga.

Achemwali analira. Ine ayi. Ndinali ndi funso limene ndakhala nalo kuyambira tsiku la singano.

"Adokotala, chikhala kuti chaka chatha anandibaya akuona pagalasi ngati inu, bwenzi zili bwanji?"

Anayang'ana manja awo.

"Musanditeteze. Ndiuzeni."

"Sindingalumbire, mayi. Sindinachione nthawi imeneyo."

"Koma mukuganiza bwanji?"

"Chikanakhala chaching'ono. Mwina chikanakhala chisanafike m'khwapa. Mwina bere likanapulumuka."

Ndinathokoza. Ndi munthu woyamba kundiuza zoona osazipaka shuga.

Wobwera msanga. Ine ndinabwera msanga. Ndinabwera Jonathan asanamere dzino.

Lachisanu, 27 Seputembala

Ekisire ya pachifuwa: mapapo ali bwino. Chiwindi anachiona dzulo lomwelo pa sikani, chili bwino. Botolo loyamba la magazi. Kuzizidwa.

Loweruka, 28 Seputembala

Achemwali anaimbira a Howard, anaika foni pokweza kuti ndimve.

"Alamu, zotsatira zatuluka. Ndi khansa."

Pafonipo pankamveka injini ya boti.

"Madokotala awiri, mawu awiri. Ine ndimvere uti? Woyamba uja anali mwamuna wamkulu, wa imvi. Uyu ndi mtsikana wa dzulodzuloli."

"Alamu, bwerani mudzamve nokha."

"Ndiona."

Achemwali anatukwana atadula foni, mawu amene sindinawamvepo pakamwa pawo, iwo mayi wa chigwirizano.

Lolemba, 30 Seputembala

Botolo lachiwiri. Magazi 9.1. Mercy anabwera yekha pa kabaza atathawa kusukulu, ndi mandasi m'pepala. Anafunsa ngati naye adzadwala. Ndinati sindikudziwa, koma akadzamva kanthu m'bere asadzalole munthu kumubaya ndi zala zokha, ndipo asadzalole munthu kumuuza kuti akulota. Ndinamukalipira za sukulu kuti ndisalire pamaso pake.

Lachiwiri, 1 Okutobala

Kufooka. Phala lokha.

Lachinayi, 3 Okutobala

Ambulansi yopita kumzinda inyamuka mawa. Dzina langa lilipo.

A Howard abwera lero, atavala malaya a kutchalitchi. Sanabwere kudzandiona. Anabwera kudzanditenga. Anati amalume awo apeza munthu ku Makanjira wodziwa mankhwala a zotupa, ndipo nkhani yodula bere pabanja pawo sinachitikepo. Anayamba kupinda zitenje zanga n'kumaika m'chikwama.

Ndinati, "Bambo a Mercy, siyani katundu wanga."

"Ndine mwamuna wanu."

"Eee. Ndiye tiyeni mukawauze adokotala nokha kuti mukunditenga. Ali m'chipinda chomaliza icho."

Anapita, ine pambuyo, achemwali atandigwira mkono. Adokotala a Swadick anawamvetsera mpaka anamaliza: za dokotala wa imvi, za singano yodzutsa matenda, za munthu wa ku Makanjira. Sanatsutse chilichonse. Anangotembenukira kwa ine n'kufunsa ngati ndingalole kuti amuna anga aone. Ndinavula bulawuzi n'kugona.

"Bambo, ndamva kuti ntchito yanu ndi yoyang'ana m'madzi. Bwerani apa."

Anayamba ndi bere lakumanja. "Ili ndi labwino. Mukuona mizere iyi, yosalala, yoyenda pamodzi?" A Howard anagwedeza mutu. Kenako anasamutsira kachipangizo kumanzere.

Sanafunike kulozeredwa. Ndinawaona akuwerama, maso atatsinzina pang'ono, mmene amachitira m'bwato. Chala chawo chinapita chokha pagalasi.

"Ichi?"

"Chimenecho."

"Chonsechi?"

"Kuyambira apa mpaka apa. Mu Ogasiti chinali 5.2. Lero 6." Anatsitsira m'khwapa. "Ndi awa. Anali awiri."

"Atatu," anatero a Howard, mawu atatsika. "Kali apa kena."

"Eee. Atatu."

A Howard anabwerera m'mbuyo mpaka msana unagunda khoma, n'kutsetsereka kukhala pansi, pasimenti, ndi malaya a kutchalitchi aja. Chipewa chinagwa. Palibe anachitola. Anakhala choncho nthawi yaitali, adokotala akundipukuta mafuta. Kenako anafunsa kuti ambulansi inyamuka nthawi yanji, ndiponso ngati mwamuna amaloledwa kukwera nawo. Adokotala anawauza kuti gadiyani ndi mmodzi. Anati ndiye abwera pa basi.

Achemwali akuti ndithokoze Mulungu, munthu watembenuka. Mwina ndidzathokoza. Lero ayi.

Titabwerera kuwodi a Howard anatulutsa zitenje zija m'chikwama n'kuzipindanso bwinobwino, chimodzichimodzi, ngati mmene ndimapindira ine.  Atamaliza anakhala pafupi, osandiyang'ana, n'kunena chapansipansi:

"Amake Mercy, bwanji simunandiuze kuti n'chachikulu chonchi?"

Ndinawayang'ana. Bambo amene ndinkatenga dzanja lawo n'kuliika pamenepo, iwo n'kulichotsa. Galasi la mlendo alikhulupirira asanaphethire kawiri. Ine ndinalankhula chaka ndi miyezi, pamphasa imodzi, m'chinenero chawo.

Ndinati, "Ndipatseni madzi."

Anandipatsa. Ndinamwa.